Makina omeza zitini aja, angagwire ntchito pa Nchalo?

Uthenga wa sabata ino wachokera kwa mayi wina wa geni ku Chikwawa. Akuti: "Ine ndili ndi kagolosale ndi botolo sitolo pa Nchalo, pafupi ndi msewu wa M1. Achimwene anga ali ku Dublin ananditumizira vidiyo pa WhatsApp akuponya zitini za zakumwa m'makina ena ake mu shopu, makinawo n'kutulutsa kalisiti ka ndalama. Akuti zimenezi zimateteza chilengedwe. Ine kuseri kwa shopu yanga zitini zimangounjikana, makamaka mwezi ukatha anthu a ku nzimbe akalandira, ndipo timaziwotcha limodzi ndi zinyalala zina koma sizipsa. Kodi ndi zoona kuti kachitini kamodzi kangathandize chilengedwe kapena ndi za azungu chabe? Nanga titasonkherana ndi achimwenewo n'kugula makina amenewa zingatheke kuno?"

Mayi, mtima m'malo, funso lanu si lachibwana ndipo achimwene anuwo sananame. Koma musanawauze kuti ayambe kutumiza ma euro takhalani kaye pansi tikambirane, chifukwa pa vidiyo paja mwaona makina koma chimene chimagwira ntchito yeniyeni sichinalowe mu kamera. Ine ndatha zaka zambiri ndili m'zinyalala, kumtaya, kwa ogula sikirapu, m'misika ya kuchigwa kuno kuyambira pa Dyeratu mpaka ku Marka, nde nkhani ya zitini ndi imodzi mwa zimene ndimazikonda chifukwa ndi chinyalala chokhacho chimene sindivutika kuchiikira kumbuyo.

Tiyambe ndi kachitiniko. Zitini zambiri za zakumwa masiku ano ndi za aluminiyamu, ndipo aluminiyamu sapezeka pansi ali kale chitsulo ayi. Amayamba ngati dothi lofiirira lotchedwa bauxite, lomwe lilipo olo pa phiri la Mulanje cha ku Lichenya kuja. Dothi lokwana matani pafupifupi 4 amaliphika ndi mankhwala n'kupeza matani 2 a ufa woyera, ufawo ndi umene amausungunula ndi magetsi kuti patuluke tani imodzi ya aluminiyamu. Apa pomaliza ndi pamene pali nkhani, chifukwa kilo imodzi yokha imadya mayunitsi a magetsi pafupifupi 14, mayunitsi omwewa timagula pa foni aja. Pa kilo imodzi pamalowa zitini zazing'ono zija pafupifupi 70. Mukawerengetsa bwino mupeza kuti kachitini kamodzi kamene mnyamata wanu amakakankhira pamoto ndi tsache kanadya magetsi oti babu la mawatsi 10 likhoza kuyaka maola ngati 20. Kamodzi kokha. Nde yang'anani mulu uli kuseri kwanuko.

Kuti mumvetse kukula kwake taonani kwa aneba. Fakitale ya Mozal pafupi ndi Maputo, imene inayamba kusungunula aluminiyamu m'chaka cha 2000, ikamagwira ntchito mokwanira imafuna mamegawati oposa 900. Kapichira wathu pa Shire apa amatulutsa pafupifupi 130, ndipo tonse tikukumbuka mdima umene tinakhala nawo namondwe wa Ana atamuwononga mu January 2022, kupitirira chaka chathunthu ali chete. Ndiye fakitale imodzi ikufuna ma Kapichira ngati 7, kuposa magetsi a dziko lonse la Malawi. Ndipo m'mayiko ambiri magetsi osungunulira amachokera ku malasha, kutanthauza utsi umene ukutenthetsa dziko, ife a kuchigwa amene timagona panja mu October sitifunika kuuzidwa kuti kutentha n'chiyani.

Pomwe chitini chakale chikangofika mu ng'anjo n'kutentha madigiri 660 chasungunuka basi, palibenso zokumba phiri kapena kuphika dothi. Mphamvu imene imapulumuka ndi pafupifupi 95 pa 100 iliyonse. Komanso aluminiyamu satopa, mungamusungunule kangati kaya amakhalabe yemweyo, osati ngati pulasitiki amene akabwerera kangapo amayamba kufooka. Kumene zinthu zili m'malo, chitini chimene mwamwera lero chimatha kubwerera mu filiji chili chatsopano pakatha masiku 60 okha, ndipo pafupifupi magawo atatu mwa anayi a aluminiyamu yense amene anapangidwapo pa dziko akugwirabe ntchito mpaka lero. Palinso matope ofiira amene amatsala akaphika bauxite, oopsa, owotcha khungu. Ku Ajka m'dziko la Hungary damu losungira matopewa linaphulika mu October 2010, matope n'kulowa m'midzi, anthu 10 anafa. Chitini chilichonse chobwerera ndiye kuti matope amenewo achepako.

Zowotcha zija siyani lero lomwe. Moto wa zinyalala suchitha chitini, chimangoda n'kupindika, chimene chimapsa ndi penti ya kunja ndi kapulasitiki kopyapyala kamene amamata mkati kuti chakumwa chisadye chitsulo, ndipo utsi umenewo mukuupuma ndinu ndi makasitomala anu. Mukuwotcha ndalama n'kutsala ndi chifuwa. Zotsalazo mvula ikabwera zimapita mu ngalande, kukakumana ndi majumbo ndi mabotolo pa kalavati, madzi n'kusowa kolowera. Sindikunena kuti zitini ndi zimene zinabweretsa Freddy mu 2023 ayi, madzi aja olo ngalande zikanakhala zoyera bwanji akanadutsabe. Koma kusefukira kwa tsiku ndi tsiku kumene kumalowa m'mashopu mvula ikangogwa maola awiri, kawirikawiri mukapita pa kalavati mupeza chatseka ndi zinyalala. Zimene zapulumuka pamenepo zimatsikira mu Shire, kukakodwa m'mabango ku Elephant Marsh kumene asodzi athu amadyera. Ndinene chilungamo apa, pa zinyalala za kuchigwa kuno zitini si ndizo zambiri, mabotolo apulasitiki a zakumwa ndi majumbo ndi amene atikwana. Kungoti chitini ndi chimene chili ndi mtengo, nde ndi poyambira pabwino.

Tsopano makinawo. Mukaponya chitini pa bowo lija, mkati muli kalamba kamene kamachinyamula, makamera amawerenga timizere takuda tija timati barcode, amayang'ana kaumbidwe kake ndi kulemera kwake, n'kufananiza ndi mndandanda wa zakumwa zonse zolembetsedwa m'dzikomo. Zikagwirizana amachiphwanya n'kuchiponya m'thumba la kuseri, zikapanda kugwirizana amachilavula. N'chifukwa chake achimwene anu amaponya zitini zosaphwanya, chophwanyika makina sachizindikira. Pomaliza kalisiti kaja, mumakapereka pa kauntala n'kulandira ndalama kapena kuchotsera pa zimene mwagula.

Funso ndi lakuti ndalama imeneyo ikuchokera kuti. Si mphatso ya boma, si ya mwini shopu, ndi ndalama ya achimwene anu omwewo. Ku Ireland kuyambira pa 1 February 2024 aliyense wogula chakumwa cha m'chitini kapena m'botolo lapulasitiki lokhala ndi chizindikiro cha Re-turn amawonjezera masenti a euro 15 pa chaching'ono chosapitirira 500ml, ndi masenti 25 pa chachikulu. Akabweza chopanda kanthu amamubwezera. Mayi, kodi zimenezi ndi zachilendo kwa inu? Munthu akabwera kudzagula Fanta wa m'botolo lagalasi alibe emputi mumatani? Mumamuuza asiye dipoziti, akabweretsa botolo atenge ndalama yake. Galimoto ya zakumwa ikabwera simungatsitse kreti yodzadza musanakweze ya maemputi. N'chifukwa chake mutayenda msika wonse wa Nchalo simungatole botolo labwinobwino la Fanta kapena la Green litangotayidwa, mwana aliyense amadziwa kuti imeneyo ndi ndalama. Chitini chimagona mu ngalande chifukwa palibe anachisiyira dipoziti, basi.

Olo mbiri ya makinawo ikunena zomwezo. Kampani ya TOMRA imene makina ake ali m'mashopu ambiri ku Ulaya inayamba mu 1972 ku Asker m'dziko la Norway, anyamata awiri apachibale, Petter ndi Tore Planke, atapangira makina mwini golosale wina amene anatopa ndi kuwerenga maemputi pamanja. Dipoziti inalipo kale, makina anangobwera kudzathandiza kuwerenga. Ndipo kumene dipoziti yaikidwa ndi lamulo zotsatira zake sizibisika. Germany inayamba mu 2003, masenti 25 pa chitini, ndipo zobwerera zimafika pafupifupi 98 pa 100. Lithuania inayamba mu 2016 ndi masenti 10 okha, mabotolo apulasitiki obwerera anali 34 pa 100, zaka ziwiri zisanathe anadutsa 90. Chinanso chabwino ndi chakuti zobwerera kudzera m'makina zimakhala zoyera, zosasakanikirana ndi nyansi zina, nde chitini chimakhalanso chitini, osati kutsikira ku zinthu zotsika mtengo.

Nde tiyerekeze mwagula, afika pa Nchalo, mwawaika pakhonde. Tsiku loyamba ana a sukulu abwera ndi matumba. Makina atulutsa malisiti. Alipire ndani? Ndinu, kuchokera m'kabati yanu, chifukwa kuno zitini sizigulitsidwa ndi dipoziti, palibe thumba limene mungakatengeko. Kunja kuja kuli bungwe limodzi limene limasunga madipoziti onse, makampani a zakumwa amalipirako, ndalama za anthu amene sanabweze zimatsala momwemo, zitini zophwanyazo zimagulitsidwa, ndipo mwini shopu amapatsidwa kangachepe pa chitini chilichonse chifukwa cha malo ndi ntchito yake. Popanda zonsezo inu mwangotsala ndi mtengo wa sikirapu, womwe ukagawidwa pa zitini 70 ndi kandalama kochepa kwambiri, sikangabweze mtengo wa makina, msonkho wolowetsera, ndi munthu wodzakonza akafa amene mwina ali ku Johannesburg. Onjezani magetsi ozimazima, netiweki, fumbi ndi kutentha kwa kwathu kuno. Kenako malire. Zakumwa zambiri zimene timamwa ku Nsanje ndi ku Bangula zimalowa kuchokera ku Mozambique, zina kudzera njira zachidule, nde olo lamulo litabwera mawa pafunika chizindikiro chosiyanitsa chitini chimene chinalipira dipoziti ndi chimene sichinalipire, apo ayi anthu azingowoloka ndi matumba pa njinga kudzakolola. Mayiko olemera omwe vuto limeneli linawapeza, ku Germany chizindikiro chawo amachidinda ndi inki yapadera pa chifukwa chomwechi.

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira ine kuti musaone ngati ndikungokugwetsani mphwayi. Zaka zapitazo ndinali m'gulu lina limene linaika migolo yopentedwa bwino pa msika wina kuchigwa konkuno, uwu wa zitini, uwu wa mapulasitiki, tinajambulitsa ndi amfumu, tinadya nawo mpunga. Titabwerera patatha miyezi iwiri mgolo umodzi tinaupeza kuseri kwa nyumba ina uli ndi madzi osamba, wina anthu anatinong'oneza kuti uli pa moto ukutcheza kachasu, wachitatu unalipo koma munali makoko a nzimbe ndi matewera. Sindinawakwiyire anthuwo, mgolo unali ndi mtengo, chitini chinalibe. Pa msika womwewo panali bambo wina wachikulire ndi sikelo yake yopachika pa mtengo wa nimu, amagula mapoto obooka ndi zitini pa kilo, wopanda chikwangwani wopanda polojekiti, ndipo anyamata amamubweretsera okha atazipondaponda ndi chidendene mpaka kukhala ngati zitumbuwa. Iye uja anachotsa zitini zambiri pa msikapo kuposa ife ndi migolo yathu.

Ndipo si zachibwana zimenezo. Brazil ilibe lamulo la dipoziti pa zitini koma zaka zambiri yakhala ikubweza zoposa 95 pa 100, chifukwa cha anthu otola m'misewu amene amagulitsa pa kilo. Kungoti kumeneko mafakitale osungunula ali konko ndipo otolawo ambiri ndi osauka amene amagwira ntchito yowawa, nde sindikunena kuti ndi paradaiso. Ndikungonena kuti chimene chimanyamula chitini pansi ndi mtengo, kaya waperekedwa ndi makina kaya ndi bambo wa sikelo.

Inuyo pamene muli poyambira ndi pafupi. Pezani matumba akuluakulu aja a feteleza kapena a chimanga, muike limodzi pafupi ndi pomwe anthu amakhala akamamwa, osati kuseri. Pezaninso maginito, olo a mu sipika yakufa. Chitini chikamata ku maginito ndi chachitsulo wamba, ngati za nsomba ndi za tomato zija, chiikeni pachokha chifukwa mtengo wake ndi wotsika ndipo wogula akazipeza zitasakanikirana amakutsitsirani mtengo wa thumba lonse. Zikhuthuleni bwino, ziume, kenako zipondeni, poti kuno kulibe makina oti awerenge barcode kuphwanya ndi phindu, thumba limalowa zambiri ndipo transipoti yokwera mapiri kupita ku Blantyre ndi imene imadya phindu. Osaika mchenga mkati kuti zilemere, ogula amadziwa kale nzeru imeneyo ndipo akakugwirani kamodzi basi. Funsani mtengo kwa ogula atatu musanagulitse, ndipo ngati mungagwirizane ndi anzanu a mabala ndi malo ogona alendo a pa Nchalo ndi Ngabu kuti muzitumiza limodzi, ndiye kuti mwayamba kulankhula ndi mawu okwera. Mukafuna kuyesa dipoziti yanuyanu, yesani pa anthu omwera pomwepo ndi makasitomala odziwika, kandalama kochepa pamwamba kobweza akabweretsa chitini, koma ikani kachizindikiro kanu pansi pa chitini ndi maka kuti musamalipire za mashopu ena. Ena adandaula, mudzaona nokha ngati geni yanu ingapirire.

Mwina mukuganiza kale za amisiri oumba mapoto, chifukwa ndi amene amagula aluminiyamu pafupi. Palibe cholakwika kuwagulitsa, poto ndi wabwino kuposa ngalande. Koma dziwani kuti zitini n'zopyapyala kwambiri, pa ng'anjo ya makala gawo lalikulu limangosanduka phulusa loyandama pamwamba, nde amisiri ambiri amakonda zidutswa zonenepa za injini. Pamenepo ndi pamene pali ngozi, chifukwa ofufuza anapezapo mtovu ukutuluka m'mapoto opangidwa ndi sikirapu wosakanizasakaniza m'mayiko angapo a mu Africa, ndipo mtovu umawononga ubongo wa ana mwakachetechete. Ndipo chonde musayese kusungunula nokha kuseri kwa shopu. Ndinaonapo mnyamata akuponya chitini chimene munatsala timadzi mu aluminiyamu wowira, chinaphulika ngati mfuti, chitsulo chamoto n'kumwazikira pa mwendo, chipsera chake ali nacho mpaka lero.

Pali zina zoti musamale mukangoyamba kudziwika kuti mumasonkhanitsa. Abwera anthu ndi mawaya a aluminiyamu odulidwadulidwa, mtengo wabwino, nkhani yokoma. Kanani, ambiri amakhala oba pa mapolo a magetsi ndipo apolisi akafika safunsa kuti munkateteza chilengedwe. Zitini zimene anthu anayezera mankhwala a thonje musazisakanize ndi zinazo ndipo ana asazigwire. Ana otola asamajombe ku sukulu chifukwa cha inu, ndipo wina akadzicheka kwambiri ndi chitini chakuda musangomanga kansalu, apite kuchipatala akaone za katemera wa kafumbata. A ziweto nawonso, ng'ombe imameza zinthu osatafuna bwino, kachidutswa kakuthwa ka chitini chong'ambika kamatha kuboola chifu. Ikasiya kudya mwadzidzidzi, ikubuula, msana utakhota, itanani alangizi a ziweto msanga, ndipo muwauze ngati mukukayikira chitini chifukwa maginito amene madokotala a ziweto amamwetsa ng'ombe kuti agwire misomali sagwira aluminiyamu.

Ndisaiwale, pa zonse zili mu filiji yanu chimene chimavutitsa chilengedwe pang'ono nthawi zambiri ndi botolo lagalasi lobweza lija, limene limatsukidwa n'kudzadzidwanso maulendo makumi angapo osasungunulidwa n'komwe. Nde kasitomala akamamwera pomwepo, mpatseni la galasi. Zimandimvetsa chisoni kuona tikuthamangira zotaya pomwe njira imene azungu akuigulira makina odula ife tili nayo kale m'makreti.

Mukaona kuti matumba ayamba kuchuluka moti mukufuna kubwereka malo osungira kapena kuyamba kugula kwa anthu ena, apo musapitirire nokha. Pitani ku khonsolo ya Chikwawa mukaonane ndi a zachilengedwe akuuzeni za chilolezo, chifukwa malamulo a sikirapu amakhwima nthawi zina kaamba ka umbava wa mawaya womwe uja, ndipo nkhani zikuluzikulu za zinyalala zili m'manja mwa bungwe la boma loteteza chilengedwe la MEPA. Dipoziti ya dziko lonse ingabwere pokhapokha boma ndi makampani a zakumwa atakhala pansi, monga zinavutira ndi majumbo opyapyala aja amene analetsedwa mu 2015 koma nkhani n'kukhala ikuzungulira m'makhoti zaka ndi zaka. Anthu a geni ngati inu mawu anu amamveka mukapita muli gulu komanso muli ndi manambala. Achimwene anuwo auzeni ndalama ya makina aisunge, akutumizireni ya sikelo yopachika, magolovesi ndi matumba. Mwezi uno ukatha, a ku nzimbe akalandira, yezani zimene zatuluka pa shopu yanu yokha, mulembe m'kope makilo ake ndi tsiku, kenako mundilemberenso tione ngati zikukwana kulipira galimoto yokwera nazo ku Blantyre.